Phazi limodzi lopanda nsapato

Sabata ino ndagwira masiku 6, koma m'mutu mwangotsala Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija kuno ku Graniteside, dera la mafakitale mu Harare ku Zimbabwe: magetsi kuthima, jenereta kulira, ife n'kumapala dzimbiri pa bwato la matemba lomwe linabwera pa lole kuchokera ku nyanja ya Kariba.

Lachitatu akapitawo anati wina alowe m'pontuni yakumanzere, chithanki chachitsulo chotseka choyandamitsa bwato, akaone pomwe pakudontha. Anzanga owotcherera mukudziwa, chitsulo chikakhala chotseka nthawi yaitali dzimbiri limadya oxygen. Panja amakhala 21 peresenti, akatsika kupitirira 19.5 munthu salowa. Makina athu oyezera mpweya agona m'dirowa miyezi itatu, ati batire ndi lodula. Fani anaibwereka anthu ena, sinabwerenso.

Analowa mnyamata wa ku Mufakose konkuno ku Harare, agogo ake kwawo n'ku Dedza. Ndinamumanga chingwe m'chiuno, iye akuseka. "Achimwene, ndine mbuzi kodi?"

Chizolowezi chimenechi ndinachitenga ku Simon's Town, doko la ku South Africa, komwe ndinakhala zaka 4 tikukonza sitima zankhondo. Kumeneko sunkalowa m'thanki popanda pepala losainidwa, mpweya woyezedwa ndi munthu wodikira pakhomo.

Hamala yake inagogoda kangapo, kenaka zii. "Mphwanga!" Osayankha. Ndinawunika ndi tochi, ndinangoona phazi limodzi nsapato itavuka. Miyendo yanga inkafuna kutsika, koma m'maenje otere wopulumutsa mnzake amatsalanso momwemo. Tinakoka anthu atatu, phewa lake n'kukhulika pakamwa pa dzenje mpaka magazi. Milomo inali itachita bii. Akapitawo anathamangira paipi ya oxygen wodulira zitsulo kuti apopere m'pontunimo, ndinachita kuwalanda. Ovolosi yamafuta ikakhuta oxygen, kamoto kamodzi ka galainda kakwana kuiyatsa.

Anatsitsimuka tisanafike kuchipatala. Amugoneka masiku awiri.

Abwana atafika, funso loyamba linali lakuti bwato lituluka liti. Lachiwiri linali lakuti fomu ya NSSA, bungwe la boma loona za chipukuta misozi cha ovulala pantchito, tiisiye kaye, mwina mwanayo anangokomoka ndi njala. Njala! Ine ndinadya naye limodzi m'mawa womwewo, mabanzi awiri awiri ndi tiyi. Ndinalemba zonse m'buku la ngozi, ndi nthawi yake, n'kusainira.

Lachinayi mpaka Loweruka ndawotcherera zakunja zokha. Pontuni ija ndaisiya yotsegula, pakamwa pake ndamangapo waya. Batire silinabwerebe, ndipo mwini bwato waimba kale kanayi.