Chinkhoswe cha m'nyanja ya Atlantic

Pabanja pathu ine ndiye injiniya. Sukulu yake sindinapiteko, koma ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope kufupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, ndipo ukamakhala pa kompyuta tsiku lonse abale amakhulupirira kuti ngakhale ndege ungaikonze. Ndiye chinkhoswe cha mlongo wanga chitayandikira, amayi anangoti, "Amalume ako a ku Lilongwe sanafikepo kunyumba yatsopanoyi. Uwalongosolere njira ya ku Zolozolo kuno."

Ndikanatha kungowaimbira foni. Koma ndinkafuna alendo a ku likulu aone kuti kumpoto kuno sitikugona.

Ndinali nditaona pa Wikipedia kuti masamba ena okhala ndi mndandanda wa malo amakhala ndi kabokosi pambali. Ukadina pamenepo umatha kuona malo onsewo pa mapu a OpenStreetMap, kapena kuwatsitsa ngati fayilo ya KML kapena GPX. Ya KML ukaitsegula mu Google Earth, dziko lonse limazungulira pamaso pako n'kukatera pamalo penipenipo. Ndinatsitsa imodzi, n'kuitsegula mu Notepad kuti ndione zam'kati. Mawu wamba basi: dzina la malo, pansi pake manambala olekanitsidwa ndi kachizindikiro kopumira. Ndinaseka ndekha. Izi ndi zimene anthu amathera zaka zinayi ku Mzuni?

Ndinafufuta malo onse n'kusiya amodzi, dzina ndinalemba kuti "Kuchinkhoswe". Madzulo ndinaima pakhomo pathu, kamvula kowaza kaja kakundilowa m'khosi, foni n'kundipatsa manambala awiri, yoyamba ya -11 ndi timanambala take, yachiwiri ya 34. Ndinawakopera momwemo, fayilo n'kuiponya pa gulu la banja pa WhatsApp. Ndinalembanso pansi pake kuti, "Osafunsanso njira."

M'mawa kutacha foni inalira.

"Mphwanga, kodi mkamwini wathuyu ndi msodzi?"

"Ayi amalume, ndi mphunzitsi."

"Nanga chinkhoswe mukuchitiranji pamadzi? Ine ndikungoona buluu yekhayekha. Poyamba ndimati ndi Nkhata Bay, koma ndakokera kumbuyo, kumtunda kwake kwalembedwa Morocco."

Msuweni wanga wina amene amaphunzira za malo ndiye anandimasulira, akuseka mpaka kutsokomola. Foni imayamba ndi latitude, yosonyeza kumpoto kapena kummwera, kenako longitude, yosonyeza kummawa kapena kumadzulo. KML imafuna longitude poyamba. Ndiye -11 wanga anawerengedwa ngati kumadzulo, 34 ngati kumpoto, ndipo amayi ndi mapoto awo a nsima anakapezeka m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Casablanca.

Ndinakonza mofulumira, makasitomala atandiunjikira pakauntala, mayi wina akukalipa kuti satifiketi ya mwana wake yatuluka yakuda ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinasinthanitsa manambala aja bwinobwino. Kamzere kochotsera ka pa -11 kaja ndiko kanatsalira m'njira. Kamzere kameneko, kochepa momwe kaliri, ndiko kamanena kuti Mzuzu ili kummwera kwa Equator. Popanda iko madigiri 11 omwewo ndi a kumpoto.

Ulendo uno anali azakhali, ndi uthenga wamawu, pa gulu, aliyense akumva.

"Achimwene, inu ndinu ankhoswe, tatiuzeni zoona. Mwanayu akukwatiwa ku Sudan? Ine mapu andisiya pafupi ndi Damazin, uko ku Blue Nile. Nanga bwanji nkhani yaikulu chonchi mukutibisira? Pasipoti yanga inatha kalekale!"

Agogo, amene foni amawawerengera ndi mdzukulu, anangomva mawu oti Sudan n'kuyamba kulira. Mlongo wanga anatuluka pa gulu.

Tsiku lachinkhoswe amalume anaimitsa galimoto pa raundabauti ya Katoto, n'kukodola mnyamata wa sakaramento, kumupatsa kangachepe kuti awatsogolere. Analowa ku Zolozolo galimoto ikukwawa pambuyo pa njinga yakapalasa.

Nkhuku zitaperekedwa, amalume anaimirira kuti alankhule. Anathokoza akuchimuna, anathokoza amayi, kenako anandiyang'ana.

"Ife tatopa, abale. Tadzera ku Morocco, tadzera ku Sudan. Injiniya, za mafuta tikambirana tikatha kudya."