Tayala linaphwera pakati pa maiwe a mchere ku Santa Pola

Tayala lakumbuyo linaphwa cha m'ma 1 koloko masana, ndili m'mphepete mwa msewu wa N-332, kumwera kwa tauni ya Santa Pola ku Spain. Uku madzi, uko madzi, kutsogolo milu ya mchere yoyera mbee ngati timapiri. Mtengo woti munthu n'kubisalapo dzuwa panalibe. Njingayo ndinabwereka m'tauni pa ma euro 15 tsiku lonse. Mnyamata wa pashopuyo anandipatsa loko ndi chipewa, koma za pampu ndi zigamba sanatchule n'komwe. Nanenso sindinafunse, ndiye tisamangomunena yekha.

Anzanga amene ndinali nawo ku Alicante tsikulo anakwera boti kupita ku chilumba cha Tabarca kukasambira. Ine ndinakwera basi ya mamawa, makilomita ngati 20 basi, kudzaona maiwe onunkha. Ndimaphunzitsa bayoloje, ndipo dzina la Santa Pola ndakhala ndikulitchula m'kalasi kwa zaka zambiri. M'maiwe amenewa ndi mmene munachokera kachilombo kokonda mchere kotchedwa Haloferax mediterranei, kamene Francisco Mojica anayamba kukafufuza mu 1989 pa University of Alicante. Powerenga DNA yake anaona zodabwitsa: kachidutswa ka zilembo pafupifupi 30 kakubwerezedwabwerezedwa, ndipo pakati pa kubwereza kulikonse pali kachidutswa kena kosafanana ndi kanzake. Anazilemba mu 1993. Gulu la Yoshizumi Ishino ku Osaka linali litaona zangati zomwezi mu bakiteriya wotchedwa E. coli mu 1987, koma ntchito yake panalibe ankaidziwa. Dzina la tizidutswa tobwerezabwerezati, loti CRISPR, linadzabwera mu 2002. Mwa njira, Haloferax si bakiteriya weniweni, ali m'gulu lina la tizilombo lotchedwa archaea. Ana anga a sukulu akasokoneza ziwirizi ndimawachotsera malikisi.

Zonsezi sizinandithandize kanthu pamsewu paja. Ndinayamba kukankha njinga, magalimoto akuluakulu akundidutsa ndi mphepo yotentha ngati ya m'ng'anjo. Madzi m'botolo anali atatsala makapu awiri, ofunda ngati tiyi. Amene mukufuna kudzayenda kuno m'miyezi yotentha, nyamulani mabotolo awiri aakulu ndipo mugule mu supamaketi, chifukwa pafupi ndi gombe kabotolo kakang'ono ndinakagula ma euro 2. Komanso nyamukani dzuwa lisanakwere. Masana mashopu ambiri ang'onoang'ono amatseka, eni ake amakapuma.

Nditakankha mwina theka la ola, pafupi ndi nsanja yakale ya Torre de Tamarit, ndinapeza kagalimoto koyera kataima pambali. Bambo ena achikulire, a imvi mutu wonse, anali ataimika chowonera patali pa miyendo itatu, akuyang'ana mbalame za flamingo. Anandiyang'ana, anayang'ana tayala, n'kunena mawu amene sindinamve koma tanthauzo lake linali poyera. Asanafunse chilichonse anatulutsa botolo la madzi ozizira m'kabokosi. Ndinamwa mopanda ulemu, mpaka ena kutayikira pa malaya.

Kenako anatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali pampu, masipanala ndi kachitini ka zigamba. Anagadamitsa njinga, n'kuchotsa chubu mwaluso la munthu amene wachita zimenezi moyo wake wonse. Atachitambasula anaseka. Chubucho chinali kale ndi zigamba zinayi. Anaziwerenga mokweza m'Chisipanishi akundilozera chimodzichimodzi, ine ndikuganiza za ma euro 15 anga. Anapopa pang'ono, n'kuyendetsa chubu pafupi ndi tsaya mpaka anamva pamene mpweya ukutulukira. Kenako anayendetsa chala m'kati mwa tayala pang'onopang'ono, n'kuzula kawaya kakang'ono kwambiri, ka matayala a malole amene amaphulikira mumsewu. Anandiika m'manja.

Guluu wa zigamba amafuna aume kaye musanamate, ndiye tinakhala pamthunzi wa galimoto kudikira. Foni ndiyo inkatimasulira. Anandifunsa chimene chandibweretsa kuno masana ngati amenewa. Nditatchula dzina la Mojica, nkhope yawo inasintha. Ankamudziwa, ndi mwana wa ku Elche, tauni yoyandikana nayo. Anatchula mphotho ya Nobel n'kupukusa mutu. Mphotho ya 2020 inapita kwa Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna, amene mu 2012 anasonyeza kuti puloteni ya CRISPR yotchedwa Cas9 ikhoza kutumidwa kukadula DNA pamene munthu akufuna. Koma bambowo anavomera kuti chimene mwana wa kwawoyo anapeza m'madzimu sankachimvetsa. Anati ndiwafotokozere.

Kufotokoza za chitetezo cha mabakiteriya kudzera pa foni, thukuta lili kamukamu, si masewera. Ndinayamba ndi madzi amene anali patsogolo pathu. Amaoneka akufa, koma kufiira kwake n'kwa tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala mmenemo, ndipo tizilomboto tili ndi mavairasi ake amene amatigwira. Vairasi yogwira bakiteriya, yomwe timati phage, imamatirira kunja n'kubayira DNA yake m'kati. Bakiteriyayo amasanduka fakitale yopanga mavairasi ena mpaka amaphulika. Nkhondo imeneyi ndi yakale kuposa nyama kapena mtengo uliwonse.

Chida chimene anthu anayamba kuchitulukira ndi chosavuta kumva. Bakiteriya amaika tizizindikiro ta methyl pa DNA yake, ndipo ali ndi ma enzyme, mapuloteni okhala ngati lumo, amene amadula DNA iliyonse yolowa yopanda tizizindikiroto. Salvador Luria ndi Giuseppe Bertani, aliyense ndi mnzake wogwira naye ntchito, anaona zotsatira zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Werner Arber, Hamilton Smith ndi Daniel Nathans analandira Nobel mu 1978 chifukwa cha ma enzyme amenewa. Koma mlonda ameneyu sakumbukira nkhope. Amangoona ngati uli ndi chidindo. Ndiye mavairasi ena anapeza njira: T4 imakuta DNA yake ndi shuga, lumo n'kulephera kugwira.

Apa ndinanyamula kawaya kaja. Ndinati, chigamba chimatseka bowo koma sichidziwa chimene chinaboola, mawa kawaya komweka kadzalowanso. Chimene Mojica anazindikira n'chakuti tizilombo tina timasunga kawayako. Mu August 2003, atatopa ndi kutentha kwa pagombe la Santa Pola lomweli, anathawira ku ofesi yake yozizira n'kumayerekezera tizidutswa ta pakati tija ndi DNA ya zamoyo zina pa kompyuta. Kamodzi ka mu E. coli kanafanana ndi vairasi yotchedwa P1, ndipo mtundu wa E. coli umene unali nako unkadziwika kuti sugwidwa ndi P1. Bakiteriya akapulumuka, amadula kachidutswa ka DNA ya mdaniyo n'kukasoka m'DNA yake. Kuchokera pamenepo amapanga RNA, m'bale wake wa DNA, yonyamula chithunzi cha mdaniyo, ndipo puloteni ya Cas imayendayenda nayo. Ikakumana ndi chofanana, imadula. Ana ake onse amabadwa nacho chithunzicho. Tizidutswa tatsopano nthawi zambiri timalowera mbali imodzi, ndiye ukawerenga mzere wonse umaona adani a banjalo motsatana, kuyambira a posachedwa mpaka a makolo.

Magazini akuluakulu angapo anaikana pepala yake, mpaka inatuluka mu 2005 mu Journal of Molecular Evolution. Umboni weniweni unachokera kwa anthu opanga yogati. Mu 2007 Rodolphe Barrangou ndi Philippe Horvath a kampani ya Danisco anasonyeza kuti bakiteriya wa yogati, Streptococcus thermophilus, wopulumuka ku vairasi amakhala atawonjezera kachidutswa katsopano, ndipo ukakachotsa amagwidwanso.

Bambowo anakhudza guluu ndi chala, n'kumata chigamba chachisanu, n'kuchikanikiza ndi chogwirira cha sipanala. Anafunsa funso limene ana a sukulu ochenjera okha amafunsa: ngati zili choncho, bwanji mavairasi sanathe? Chifukwa nawo sagona. Vairasi ikasintha chilembo chimodzi pamalo oyenera, chithunzi chija sichigwiranso ntchito. Mu 2013 ofufuza a ku Toronto anapeza mavairasi ogwira bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa amene amanyamula mapuloteni omanga manja a CRISPR yeniyeniyo. Mabakiteriya nawo ali ndi zina m'thumba. Ena akaona kuti agwidwa amadzipha vairasi isanachulukane, kuti abale awo apulumuke. Mu 2018 gulu la Rotem Sorek ku Weizmann Institute linatulukira njira zina zodzitetezera zimene zinali zisanadziwike, n'kuzitcha maina a milungu yoteteza monga Zorya ndi Gabija, ndipo chiyambire pamenepo zapezeka zinanso zambiri.

Chimene sindinakwanitse kuwafotokozera, chifukwa foni inali itatentha n'kuyamba kuzima, ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri ineyo. Umboni ukusonyeza kuti zida za CRISPR zinachokera kwa akuba omwewo. Cas1, imene imasoka tizidutswa tija, ndi pachibale ndi enzyme ya DNA yodumphadumpha yotchedwa casposon, imene imadzilowetsa yokha m'DNA ya eni ake. Cas9 nayo makolo ake ali mu DNA ina yodumphadumpha. Mlondayu analembedwa ntchito kuchokera m'gulu la mbava. Ndipo si bakiteriya aliyense amamufuna. Archaea ambiri ali ndi CRISPR, koma mwa mabakiteriya amene DNA yawo yawerengedwa, oposa theka alibe. Kusunga mlonda kumadya mphamvu, nthawi zina amalakwitsa n'kudula mwini nyumba, komanso si DNA yachilendo iliyonse imene ili yoipa. Ina imabwera ndi mphamvu yopirira mankhwala. Mu bakiteriya wotchedwa Enterococcus faecalis, mitundu yosamva mankhwala ambiri m'zipatala nthawi zambiri imapezeka ilibe CRISPR yogwira ntchito. Inasiya chitseko chotsegula, ndipo ife ndi amene tikulipira.

Anapopa tayala, n'kulifinya ndi chala chachikulu, n'kundipatsa njinga. Ndinatulutsa ma euro 10. Anabweza dzanja langa mwamphamvu ndithu, ngati ndawatukwana. M'malo mwake anandikokera pa chowonera chawo chija. Flamingo imodzi inali itazika mutu m'madzi chozondoka, ikupondaponda matope ndi miyendo, kusefa tinkhanu ting'onoting'ono timene timaipatsa mtundu wake. Ndinayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira, chifukwa iwo sankaoneka kuti akufulumira.

Za ulendo wobwerera palibe chonena, mphepo inkandikankha kumbuyo. Kushopu kuja ndinamusonyeza mnyamata uja chithunzi cha chubu cha zigamba zisanu. Anakweza mapewa, n'kupopa tayala pang'ono, n'kuikanso njingayo pamzere wa zobwereketsa. Kawaya kaja ndinakapeza m'thumba la buluku usiku ku hotela, katandibaya chala pofufuza kiyi.