Bedi langa linali ku Hanoi, ine ndili ku Hoi An

Kwathu amandidziwa kuti ndine munthu wa pulogalamu. Ngakhale ulendo wa ku Lunzu kokagula tomato ndimaulemba m'kope: nthawi yonyamuka, ya minibasi, nthawi yobwerera. Ndiye akuntchito atanditumiza ku msonkhano wa masiku anayi ku Da Nang, m'dziko la Vietnam, ine n'kuona kuti patsala Loweruka ndi Lamlungu ndege yobwerera isananyamuke, ndinagula kope latsopano.

Ndinasankha kukaona Hoi An, tauni yakale ya m'mphepete mwa mtsinje wa Thu Bon, makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera ku Da Nang. Zaka 400 zapitazo amalonda a ku China, Japan ndi Portugal ankakocheza zombo pamenepo kudzagula silika. Kenako mtsinje unadzaza mchenga, zombo zinasamukira ku Da Nang, tauni n'kutsala chikhalire ndi nyumba zake zachikasu mpaka UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1999. Zonsezi ndinaziloweza, ndipo mayi akunyumba ndinawafotokozera katatu iwo akusenda mbatata.

"Bwanji osafunsa mnzanu uja anapitako chaka chatha?" anatero. "Safunsa anadya phula, bambo."

Ndinawayankha kuti phula ankadya anthu akale, kulibe intaneti.

Hotela ndinalipira usiku, magetsi atazima, foni itatsala ndi 4 peresenti. Ndinalemba dzina la tauni mothamanga, foni n'kundikonzera kalembedwe mwaulemu monga ichitira nthawi zonse, ine osayang'ananso. Ndinatola chipinda chotchipa kuposa zonse, chija amati ukalipira ndalama sibwerera. M'kope ndinakopera msewu ndi nambala basi: Tran Hung Dao. Dzina la tauni ndilembe chifukwa chiyani, poti ndikulidziwa?

Loweruka m'mawa ndinamuonetsa dalaivala wa takisi kope lija. Anagwedeza mutu, ndipo pasanathe ola tinali pa msewu wa Tran Hung Dao ku Hoi An, pa nambala yeniyeniyo. Pakhomo panali zidole zovala masuti. Ndinati m'mtima, mahotela a kuno ali ndi ulemu, mpaka alonda ovala mataye.

Mayi wina wamfupi anandilandira ndi manja awiri, kundikhazika pa mpando, kundipatsa madzi ozizira. Chingerezi chake chinali chochepa, Chivietinamu changa kunalibe. Ndinakweza chala chimodzi: usiku umodzi, mawa ndichoka. Iye anamwetulira n'kunena kuti mawa palibe vuto. Kenako anatulutsa tepi.

Anandiyeza mapewa. Anandiyeza manja. Anandiyeza mimba, n'kumuuza mtsikana amene ankalemba manambala mawu ena ake, onse awiri n'kuseka pang'ono. Apa munthu wanzeru akanadzidzimuka. Koma ine ndinali nditaona kale kuti anthu ambiri kumeneko ndimawaposa msinkhu, ndiye ndinaganiza kuti akufuna kundipezera bedi londikwana. Ndinaima njo, ngakhale kutambasula miyendo ndinatambasula ndekha osauzidwa. Atabweretsa buku la nsalu kuti ndisankhe mtundu, ndinaloza buluu wodera, poganiza kuti pa zofunda za mtundu umenewo litsiro silioneka msanga.

Zinthu zinasokonekera pa nkhani ya ndalama. Mayi uja anafuna dipoziti. Ine ndinati ndinalipira kale, ndipo ndinatulutsa foni mwamphamvu, ngati munthu amene wagwira wakuba. Mtsikana uja anawerenga risiti. Anawerenganso. Kenako anatsegula mapu, n'kuyamba kuwachepetsa ndi zala. Anachepetsa, nyanja inaoneka. Anachepetsanso, Da Nang inasanduka kadontho. Anachepetsabe mpaka dziko lonse linakwana pa foni, ndiye n'kuloza kumtunda kwenikweni, cha kufupi ndi China.

Hanoi. Likulu la dziko. Makilomita pafupifupi 800 pa msewu, ngati uli ku Blantyre koma bedi lako lili kuyandikira Karonga.

Tayang'anani mayina awiriwa: Hoi An, Hanoi. Zilembo zake ndi zomwezo zisanu, anangozisakaniza ngati makadi. Ndipo Tran Hung Dao anali mkulu wa asilikali amene anagonjetsa Amongoli mu 1288, choncho pafupifupi mzinda uliwonse wa ku Vietnam uli ndi msewu wa dzina lake, monga mmene dzina la Kamuzu umalipezera pa msewu, pa bwalo la mpira ndi pa bwalo la ndege. Zimenezi ndinaphunzira nditaima pakati pa shopu ya telala, tepi ili m'khosi, osoka atatu atasiya makina kudzaona mlendo wofuna kugona pa mulu wa nsalu.

Manyazi ndi okwera mtengo. Sindikanatuluka chabe anthu atandiyeza mpaka m'khwapa. Ndinalipira dipoziti ya suti imene sindinaifune, ndipo mayi uja, atapukuta misozi ya kuseka, anaimbira foni mchemwali wake amene amagonetsa alendo kuseri kwa msika.

Kuchokera pamenepo pulogalamu inalembedwa ndi telala. Kope linkati 4 koloko ndikhale pa nyumba yakale ya Tan Ky, kuona zizindikiro za pakhoma zosonyeza pomwe madzi osefukira anafika chaka ndi chaka. Ine 4 koloko ndinali mu jekete lopanda manja, akundibaya ndi mapini. Tikiti yoonera malo asanu m'tauni yakale ndinagula, koma ndinaona awiri.

Mlatho wa Chijapani wokha ndinalimbikira, chifukwa ndinali ndi cholinga. Mlathowu ndi wofolera, uli ndi kakachisi mkati, ndipo chithunzi chake chili pa ndalama ya 20,000 dong. Ndinkafuna kujambula ndalamayo ndi mlatho weniweniwo kumbuyo. Ndisanafike ndinadya cao lau, zakudya zangati supageti wonenepa zokhala ndi nyama ya nkhumba ndi masamba, n'kulipira mapepala awiri a buluu. Vuto ndi loti 20,000 ndi ya buluu, 500,000 nayonso ndi ya buluu. Nditayenda pang'ono ndinamva gogo wogulitsa uja akukuwa kumbuyo kwanga, akuthamanga. Ndinaganiza kuti ndalipira zopereweza, ndipo poti tsikulo linali litandichititsa manyazi okwanira, ndinawonjezera liwiro. Gogoyo anandipeza pa mlatho penipeni, akupuma movutikira, n'kundipanikiza chenji cha 480,000 m'dzanja. Chithunzi chimene ndinabwera nacho ndi cha iye akundikalipira, nyali za nsalu zikuyaka bwino kumbuyo kwake.

Suti inatuluka Lamlungu masana, ndipo kunena zoona sindinavalepo chovala chondikhala chotero. Nditafika kunyumba ndinaivala ku tchalitchi, anthu n'kumandipatsa moni ndi manja awiri. Mayi akunyumba ndinawauza kuti zonse zinayenda monga mwa pulogalamu, ndipo sutiyo inali pa tsamba lachitatu la kope.

Lachiwiri madzulo ndikusamba, foni inalira pa tebulo. Nditatuluka ndinawapeza ataigwira, nkhope ili zii.

"Bambo, akufunsa ngati munagona bwino ku Hanoi. Ku Hanoi munakatani?"

Ndinayamba kufotokoza za zilembo zisanu ndi Amongoli.

"Komanso akuti chipindacho chinali cha anthu awiri."

Ndinathamangira kope kuti likhale mboni yanga. Munali msewu ndi nambala basi.