Amalume a K250

Pa komiti ya ukwati wa mchemwali wanga anandipatsa udindo wolemba zopereka. Si kuti ndine wokhulupirika kuposa anzanga ayi, ndinali ndekha wokhala ndi laputopu. Kope la sukulu likanakwana bwinobwino. Koma ndinali nditangothera bando yonse pa mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa HTML, chinenero chopangira masamba a pa intaneti, ndiye ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti zolemba m'kope n'zachikale. Ndipanga tsamba la pa intaneti, aliyense azingodina linki pa WhatsApp n'kuona amene wapereka ndi amene akungolonjeza. Anandiombera m'manja.

Tebulo lake linali la madanga atatu: nambala, dzina, ndalama. Poyeserera ndinalembamo a Phiri, a Banda ndi a Mbewe, mayina a zilembo zisanuzisanu, ndipo linaima mowongoka ngati asilikali pa perete. Ndinagona ndikudzitcha injiniya.

Kenako anthu enieni anayamba kutumiza ndalama, ena pa Airtel Money, ena pa Mpamba. Apa m'pamene ndinadziwa kuti Amalawi sitilembedwa ndi dzina limodzi. Wina dzina loyamba lokha zilembo 12, monga Chiyembekezo, kuwonjezapo lachingerezi la paubatizo ndi la bambo ake. Amayi ena amafuna mfunda wawo uonekenso. Nanga amalume, omwenso ndi ankhoswe a mkwatibwi? Anandiimbira okha.

"Ulembe bwino, iwe. Uyambe ndi Mkulu wa Mpingo Wopuma, kenako mayina anga onse atatu, kenako ndi Banja Lonse."

Anali atapereka K250,000. Anabwera nazo pamanja, mapepala 50 a K5,000, akunyowetsa chala ndi malovu powerenga. Munthu wotero sumufupikitsira dzina.

Tebulo la HTML ukalisiya lokha lili ndi nzeru zake. Limayang'ana mawu aatali kwambiri pa danga lililonse n'kudzitambasula kuti akwane. Ine ndinali nditaikanso white-space: nowrap, lamulo loletsa dzina kuthyokera pa mzere wachiwiri, poti ndinkaona ngati kuthyola dzina la munthu wamkulu ndi mwano. Basi dzina la amalume linatambalala ngati munthu wonenepa pa mpando wa minibasi, danga la ndalama n'kukankhidwira kunja kwa sikirini.

Ndinakwiya nalo tebulo lija. Ndinalemba table-layout: fixed, kutanthauza kuti danga lililonse likhale ndi muyeso umene ndalipatsa ine, lisamvere zimene zili m'kati. Dzina ndinalipatsa 75 peresenti, ndalama 15, nambala zotsalazo. Pamwamba pake overflow: hidden, kuti chilichonse chosefukira chibisike. Pa laputopu zinaoneka zokongola zedi. Ndinaponya linki pa gulu cha m'ma 10 koloko usiku, gulu lomwe munalinso akuchimuna, n'kuzimitsa data.

Foni sindinayese. Sikirini ya foni zambiri imakhala ya mapikiselo (timadontho toyezera sikirini) ngati 360 m'lifupi, ndipo 15 peresenti ya pamenepo ndi 54. Ukachotsa timipata ta m'mbali, mumalowa zilembo zinayi basi.

Tsoka lake taonani. Wopereka K5,000 ankaoneka K5,0. Wopereka K20,000 ankaoneka K20 ndi kakoma kolendewera. Aliyense woona ankadziwa kuti apa makina asokoneza. Koma amalume, munthu yekhayo amene anadutsa K100,000, zilembo zawo zinayi zinatuluka zoyera, zopanda chilema: K250.

M'mawa nditayatsa data foni inanjenjemera mpaka kutsetsereka pa mpando. Mauthenga osawerengeka. Azakhali a mkwati anali atajambula sikirini, kuzunguliza mzere wa amalume ndi chofiira, n'kulemba kuti, "Ankhoswe athu zikomo, ya mandasi yafika." Pansi pake tinkhope toseka ndandanda. Wina anafunsa ngati Banja Lonse linasonkherana kuti ikwane.

Amalume saona bwino za pa foni, anawawerengera ndi mdzukulu wawo. Sanaimbe. Anakwera kabaza, 7 koloko isanakwane ali pakhomo, jekete la kutchalitchi lili pathupi.

"Amalume, mwadzuka bwanji?"

"Ndalama zanga zili kuti?"

"Zilipo zonse, amalume. Vuto ndi danga."

"Danga lake liti? Ndakupatsa mapepala 50, iwe walemba ya mandasi. Zinazo wadyera kuti?"

Ndinatsegula laputopu kuwaonetsa K250,000 yathunthu, maziro onse atatu ali pamalo pake. Anayang'ana laputopu, anayang'ana foni ya mdzukulu, n'kundiyang'ana ine.

"Ndiye uli ndi mabuku awiri. Lina loonetsa ine, lina loonetsa anthu."

Mayi anga anatuluka ndi tiyi, namva mawu omalizawo, n'kubwerera nayo m'nyumba.

Ndinayesa kufotokoza za overflow, kuti maziro sanachoke koma angobisala kuseri. Ndinaona ndekha kuti ndikuyankhula ngati msungichuma amene wagwidwa. Chimene chinandipulumutsa ndi mdzukulu uja, mwana wa Sitandade 6. Anangopendeketsa foni chammbali, sikirini n'kutambasuka, maziro n'kutulukira. Anaimikanso, maziro n'kuthawa. Amalume anamulanda foniyo n'kuyesa okha kanayi konse, ali chete.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi zisanu. Ndinachotsa fixed ndi hidden zija, nowrap ndinaisamutsira pa danga la ndalama kuti nambala isadukenso, mayina ndinawalola kuthyoka mmene angafunire. Dzina la amalume linatenga mizere inayi pa foni, kuposa wina aliyense, ndipo zimenezo anazikonda. Anandilamula ndilembe chipepeso pa gulu, iwo akunditchulira mawu ake, ine ndikutaipa.

Tsiku la ukwati, perekaniperekani atafika pakati, anapempha maikolofoni n'kundiitana kutsogolo kuti andithokoze pa ntchito ya ulembi. Ndinapita ndikuvina pang'ono. Anapisa m'thumba la jekete lija, natulutsa K200 ndi K50, n'kundiika m'manja holo yonse ikuona.

"Yako ndi imeneyi, mphwanga. Ukafika kunyumba ukaipendeketse."