Sabata yosamutsa makanema a maukwati

Lolemba m'mawa anandiimbira foni mayi wina amene ali ndi situdiyo yojambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe. Makanema awo a zaka zambiri, pafupifupi ma terabyte awiri, anali pa Dropbox, malo osungira mafayilo pa intaneti, ndipo ankafuna kuwasamutsira ku malo ena otere, Google Drive. Mnyamata wawo anali atayamba kale kukopera pa laputopu kuti kenako azikweza.

"Achimwene, bandulo yatha kawiri koma foda yoyamba sinathe," anatero mayiwo.

Ndinawauza kuti, "Mayi, mafayilo amenewa sakufunika kudutsa ku Malawi kuno n'komwe." Ndinachita lendi seva yaing'ono (kompyuta yoigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti) ku Frankfurt, ku Germany, n'kuikapo rclone, pulogalamu yomwe imalankhula ndi Dropbox ndi Drive pomwe. Popeza sevayo ilibe browser, chilolezo cholowera m'maakaunti a mayiwo tinachitengera pa laputopu yanga ndi lamulo la rclone authorize. Pasiwedi analemba okha mayiwo, ine nditayang'ana kumbali. Sindifuna kusunga makiyi a nyumba ya munthu.

Script yake, kutanthauza malamulo olembedwa oti seva itsatire, inali ya mizere yochepa chabe. Ndinasankha copy, osati sync, chifukwa sync imafufuta chilichonse chimene yachipeza kopita ngati kochokera kulibe, ndipo pa Drive panali kale ntchito zatsopano za situdiyoyo. Ndinaiyatsa mkati mwa pulogalamu ya tmux kuti ngakhale netiweki yanga iduke, iyo izingopitirira.

Lachiwiri ndinapeza log, pomwe rclone imalemba zimene zikuchitika, yadzaza ndi ma error. Google salola akaunti imodzi kukweza zoposa 750 GB pa maola 24, ndipo ife tinali titafika pamenepo. Ndinawonjezera --drive-stop-on-upload-limit kuti iziima bwinobwino, kenako ndinaika cron, pulogalamu yoyatsa ntchito pa nthawi yoikika, yoti iziidzutsa tsiku lililonse. Ubwino wa rclone ndi woti zimene yatumiza kale imazidumpha. Lachitatu magetsi anazima kunyumba masana onse, koma mafayilo ankayendabe. Lachinayi madzulo kukopera kunatha.

Apa ndiye panali ntchito yeniyeni. Mayiwo ankafuna kutseka Dropbox usiku womwewo kuti asalipirenso mwezi wina, koma ndinawapempha kuti adikire. Dropbox ili ndi njira yakeyake yowerengera hash ya fayilo (chizindikiro chowerengedwa kuchokera ku zam'kati mwa fayilo, chothandiza kudziwa ngati mafayilo awiri ali ofanana), pomwe Drive imagwiritsa ntchito ina monga MD5, choncho rclone check, yomwe imaona ngati mbali ziwirizi zikufanana, payokha ikanangoyerekeza kukula kwa mafayilo basi. Ine zimenezo sizinandikwanire. Ukwati sabwereza. M'makanema ena muli agogo ndi ankhoswe omwe anatisiya, ndipo banja likadzabwera kudzapempha kanema wawo, sungaliuze kuti fayilo ilipo koma sikutseguka. Ndinaika --download kuti seva iwerenge mbali zonse ziwiri n'kuziyerekeza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zinatenga usiku wonse ndi Lachisanu lonse.

Zinagwirizana, kupatula foda ija anayamba mnyamata uja. Drive imalola mafayilo awiri a dzina limodzi kukhala mu foda imodzi, ndipo iye ena anawakweza kawiri netiweki itamuvuta. Loweruka m'mawa tinakhala pansi ndi mayiwo, ndinayatsa rclone dedupe, yomwe imachotsa mafayilo obwerezedwa, iwo n'kumasankha okha fayilo yoti itsale. Ena ankayamba awatsegula kaye, n'kumatchula mayina a akwati ndi tchalitchi chomwe anamangitsira.

Titamaliza tinachotsa chilolezo cha rclone m'maakaunti onse awiri, ndipo ndinazimitsa seva ya ku Frankfurt ija. Dropbox tagwirizana kuti aitseka kumapeto kwa mwezi.