Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Fungo Limene Amayi Anamva

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene ababa anasiya ulonda ku esiteti ya tiyi n'kubwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Luchenza. Chifuwa chinawayamba nyengo ya chiperoni, mu June 2016. Kwa munthu amene anatha zaka zoposa 30 akupichira chingambwe usiku ali paulonda, kutsokomola sikunatidabwitse.

Woyamba kukayika anali amayi. Tsiku lina tikutongola chimanga pakhonde anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mwana wanga, mpweya wa abambo ako wasintha. Si fodya ayi. Ndagona nawo mphasa imodzi zaka 40, ndikuudziwa." Ine ndinati mwina ndi dzino lobooka.

Kuchipatala anayeza makhololo kawiri, TB osaipeza. Koma ataona chithunzi cha pachifuwa anawayambitsabe mankhwala a chifuwa chachikulu, a miyezi 6. Sindiwasungira mangawa, chifukwa kwathu kuno munthu akamatsokomola n'kumawonda, aliyense amaganiza za TB. Ababa anamwa osadumphitsa tsiku, koma lamba wawo ndinamuboola mabowo ena atatu. Pamene anatitumiza ku Blantyre n'kudula kanyama kokayeza, khansa ya m'mapapo inali itafika kale kuchiwindi. Tinawaika m'manda mu 2017, mvula itangosiya.

Chaka chatha ndikuwerenga pafoni ndinakumana ndi nkhani imene inandisowetsa tulo. Mu 1971 katswiri wina wa ku America, Linus Pauling, anapeza kuti mumpweya umene timatulutsa muli timankhwala tamitundu pafupifupi 250. Chotupa cha khansa chimadya ndi kutaya zinyalala mosiyana ndi mnofu wabwino. Zinyalalazo zimalowa m'magazi, zina n'kutulukira m'mapapo pamodzi ndi mpweya. Ku Haifa m'dziko la Israel, katswiri wina, Hossam Haick, ndi anzake anasonyeza mu 2009 kuti kachipangizo kokhala ndi tizidutswa ta golide tosaoneka ndi maso kangathe kusiyanitsa mpweya wa odwala khansa ya m'mapapo ndi wa anthu abwinobwino. Timankhwalato tikakhudza golideyo, kayendedwe ka magetsi kamasintha, kompyuta n'kuwerenga. Munthu amangouzira, monga amachitira madalaivala apolisi akamayeza mowa pamsewu.

Musathamangire kukafunsa kuchipatala, abale anga. Zipangizozi zikadali pa kafukufuku, ndipo utsi wa fodya, chakudya ndi matenda ena a m'chifuwa zimatha kuzisokoneza. Njira yotsimikizika yopezera khansayi msanga ikadali makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT, amene munthu wa ku Thekerani sangawaone popanda kugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti. N'chifukwa chake mtima wanga uli pa kachipangizo kouziraka. Ndikufuna kadzayesedwe pa anthu athu, amene m'mapapo mwawo muli utsi wa nkhuni ndi zipsera za TB, kuti tsiku lina kadzakhale m'chikwama cha alangizi a zaumoyo. Ngati makoswe ophunzitsidwa a bungwe la APOPO anayamba kununkhiza TB m'makhololo ku Maputo mu 2013, fungo la matenda si nthano.

Pa Khirisimasi ndinawafotokozera amayi zonsezi, ndipo ndinawapepesa chifukwa cha dzino lija. Anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta manja pachitenje. Kenako anandifunsa kuti, "Ndiye kuti ndikanakakamira tsiku lija, akanandimvera?"

Gawo likubwerali ndidzasimba za mlandu wa munda umene unabuka maliro atangotha.