Coral wanga wayambanso kudya

Sabata ya 14 chimuikireni coral wanga, nyama ya m'nyanja yamchere yooneka ngati mwala, mu thanki. Usiku wa dzulo, cha m'ma 9 koloko, nditazimitsa nyali za pa thanki, ndinaona timanja take togwirira chakudya tatuluka mozungulira tipakamwa take. Panali patadutsa masiku 19 ndisanatione. Ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti adzaone nawo.

Coral ameneyu ndi Trachyphyllia geoffroyi, amene ambiri amamutcha brain coral chifukwa mapindikidwe ake amafanana ndi ubongo. Kwawo ndi nyanja zamchere za ku Indonesia ndi Australia. Wangayu ndi wofiira m'mbali, pakati wobiriwira, ndipo amakhala pa mchenga pansi, chifukwa akatupa pa mwala mnofu wake umang'ambika.

Aneba amandifunsa kawirikawiri: "Achimwene, nyanja ndi iyi, mbuna zili mbwee, inu mukuvutikiranji ndi madzi amchere?" Mbuna ndazisunga zaka zambiri ndipo ndimazikondabe. Koma nyama yooneka ngati mwala, yomwe masana imadyetsedwa ndi ndere zokhala m'thupi mwake, usiku n'kumagwira chakudya ndi timanja, m'nyanja yathu mulibe.

Chomwe chinatsala pang'ono kumupha ndi kutentha kwa Okutobala. Aliyense wa kuno ku Mangochi akudziwa momwe nyumba ya malata imakhalira masana. Madzi ayenera kukhala pa madigiri 25 kapena 26, koma anga anafika 30 masiku atatu otsatizana, tsiku lina magetsi atazima kuyambira m'mawa. Kutentha kukapyola, ndere zija, zooxanthellae, zimatuluka m'thupi mwake, mtundu n'kuyamba kufwifwa. Mbali imodzi inayera mbuu, mnofu n'kufota mpaka mafupa ake akuthwa kumaonekera. Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinamangirira fani pamwamba pa thanki kuti izipemerera madzi, masana n'kumaikamo mabotolo awiri a madzi oundana, otsekedwa bwino. Nthawi ya nyali ndinaichepetsa kuchoka pa maola 9 kufika pa 6. Apa m'pomwe ndinalakwitsa: fani imauluza madzi, pafupifupi malita atatu pa tsiku mu thanki yanga ya malita 120, koma mchere umatsala. Ine ndinkawonjezera madzi amchere, mpaka muyeso wa mchere unakwera kuchoka pa 1.025 kufika pa 1.028. Powonjezera pamafunika madzi opanda mchere, osefedwa ndi makina otchedwa RO. Ndinautsitsa pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, poti kusintha kwadzidzidzi nakonso kumamuvulaza.

Dzulo ndamupatsa prawn wosaphika, wodulidwa tizidutswa tonga njere ya mpunga. Ndimayamba ndazimitsa pampu, kenako ndimaika tizidutswa tiwiri kapena titatu pa timanja ndi sirinji. Amadya mwachifatse, mphindi 15 kapena 20, ndiye ndimamuvindikira ndi botolo lodulidwa kumunsi, apo ayi ma clownfish awiri, nsomba zomwe amakhala nazo mu thanki, amamulanda chakudya chili pakamwa. Mnzanga wina anati ndiyese usipa. Ndakana, mafuta ake angandidetsere madzi, ndipo thanki yaing'ono sichedwa kuwonongeka.

Lero kutentha kwa madzi kuli pa madigiri 26.5. Mbali yoyera ija yayamba kuoneka ya pinki. Ndizimudyetsa kawiri pa sabata, ndipo Loweruka ndisintha malita 12 a madzi. Nyali ndiziwonjezera theka la ola sabata iliyonse, ndikaona kuti akutupa bwino masana.